Mwana Ngwa Yani? Mbiri ya Kutha kwa Maukwati Kum'mawa kwa Luangwa

Pa milandu yonse imene imafika pa bwalo, palibe wobvuta kuweruza monga mlandu wa ana pamene ukwati watha. Mbuzi ikalowa m'munda wa mwini, akulu ayang'ana cimanga cimene yadya, nachula malipo, ndipo anthu abalalika. Koma mwana sagawika pakati monga nyama ya insa, ndipo ciweruzo cimene ciperekedwa pa iye tsiku limodzi cimtsata kufikira atamera imvi. Ku dziko la kum'mawa kwa mtsinje wa Luangwa, kumene Acewa, Ansenga ndi Angoni akhala moyandikana, funso lakuti mwana ngwa yani layankhidwa mosiyanasiyana m'zaka 150 zapitazi. Pang'onopang'ono funsolo linabala linzace limene makolo sanali kulifunsa konse, ndilo lakuti adzamdyetsa ndani.

Pakati pa Acewa a kale, ukwati unali wa cikamwini. Mnyamata akafunsira mbeta nalolewa, anali kucoka kwao kukamanga nyumba kwao kwa mkazi, nalima m'munda wa apongozi ace. Sanapereke ng'ombe kapena cuma cambiri. Cimene anapereka ndico thukuta lace. Ana obadwa m'nyumbamo anali a bele la mai wao, ndipo wowayang'anira weniweni anali mtsibweni wao, mlongo wa mai, amene anachedwa mwini mbumba. Mwana akapalamula mlandu, wolipira anali mtsibweni. Akadwala, wokaombeza ula anali yemweyo. Mtsibweni akamwalira, dzina lace ndi mpando wace zinapita kwa mphwace kapena kwa mwana wa mlongo wace, ana ace omubala iye mwini ali kupenya. Tate analemekezedwa ndithu, ndipo ana anamkonda monga ana akondera atate ao kuli konse, koma pa mudzi wa mkazi wace anali mlendo. Ndico cifukwa cace akulu anati mkamwini asamakule mwendo.

Ukwati uli wonse unali ndi ankhoswe awiri, wa kucimuna ndi wa kucikazi. Amenewa ndiwo anaumanga, ndipo ndiwo okha anali ndi mphamvu yakuumasula. Banja lopanda ankhoswe linayesedwa cibwenzi cabe, ndipo likabvuta, mfumu sinalole kumva mlandu wace. Mkazi akaona nkhanza, kapena mwamuna akaona ulesi ndi mwano, wolakwiridwayo anapita kwa nkhoswe wace, nkhoswe naitana mnzace, nakhala pansi onse anai. Milandu yambiri inathera pomwepo ndi nkhuku imodzi yopepesera. Ankhoswe anzeru sanafulumire kuthetsa banja, popeza anadziwa kuti mkwiyo wa usiku sufika nthawi zonse m'mawa. Koma akalephera kawiri katatu, ndipo cifukwa cikakhala cacikuru, monga cigololo cosalekeza, kumenya kobvulaza, kusabereka, kapena kulephera kubveka mkazi, anabvomerezana kuti anthuwo asudzulane. Mwamuna anapereka kanthu kakang'ono ka cisudzulo kosonyeza kuti mkaziyo ali womasuka kukwatiwa kwina, natola khasu lace, nkhwangwa yace ndi mphasa yace, nabwerera kwao.

Ana sanasunthe. Anagona m'nyumba yomweyo, nadya za m'nkhokwe yomweyo, natunga madzi pa citsime comweco. Ambuye ao, alongo a mai ao ndi abale onse a bele lao anali pomwepo monga dzulo. Cimene cinasowa pa mudzi ndi khasu limodzi la mwamuna, ndipo malo a khasulo anadzazidwa ndi atsibweni kufikira mai atapeza mwamuna wina. Cotero mwambo wa Acewa unalibe lamulo lakuti tate wosudzulidwa azitumiza cakudya mwezi ndi mwezi. Sikuti makolo anali osasamala za ana ai. Lamulolo silinafunike, cifukwa cuma ca masiku amenewo cinali nthaka ndi manja, ndipo zonse ziwiri zinatsala kumene kunatsala mwana. Tate wabwino anali kubwera ndithu ndi nyama kapena nsaru kudzaona ana ace, koma anatero mwa cifundo, wosati mwa cikakamizo.

Asaganize munthu kuti amuna onse anakondwera nao mwambo umenewu. Mwamuna amene walima zaka khumi pa mudzi wa eni, nabzyala nthoci ndi kumanga nkhokwe, anamva kuwawa pocoka ndi khasu lokha. Mkamwini ndi mlamba, sacedwa kuterereka, anatero eni mudzi pomnena. Koma iye akadafunsidwa akadayankha kuti mlambawo uterereka cifukwa palibe pogwira. Amuna amphamvu anafuna njira zakuti ana akhale ao. Njira ina inali citengwa, ndiko kupempha abale a mkazi kuti amlole kukakhala kwao kwa mwamuna, makamaka mwamunayo akakhala mfumu ya mudzi. Koma ngakhale pa citengwa ana anakhalabe a bele la mai, ndipo ukwati ukatha atsibweni anali kudzawatenga. Njira yaciwiri inali yoipa, ndipo mbiri siyenera kuibisa. M'zaka za malonda a akapolo, munthu wolemera anali kugula mdzakazi namkwatira. Mdzakazi analibe mlongo womlankhulira kapena mudzi wobwererako, tsono ana ace anakhala a mbuye wace kotheratu. Midzi ina inakula ndi ana otere.

Angoni anabwera ndi lamulo lina. Anaoloka Zambezi m'caka ca 1835 motsogozedwa ndi Zwangendaba, ndipo atayenda zaka zambiri, gulu la mwana wace Mpezeni linakhala nthawi m'dziko la Ansenga, kenaka linakhazikika m'mapiri ozungulira kumene tsopano kuli mzinda wa Chipata. Kwa iwo mwana anali wa tate. Mwamuna anapereka malowolo a ng'ombe kwa atate a mkazi, ndipo ng'ombezo sizinagule mkaziyo, monga anaganizira Azungu ena oyamba, koma zinasamutsa ana ocokera m'mimba mwace kuti akhale a khola la mwamuna. Mkazi anacoka kwao kukakhala pakati pa abale a mwamuna wace. Mwamunayo akafa, mbale wace analowa m'nyumbamo, ndipo ana anakhalabe a pa mudzipo. Nkhalamba za Cingoni zinali kusimba kuti m'masiku a nkhondo mkazi sanathe kuthetsa ukwati mwa kufuna kwace, ndi kuti cigololo cinali mlandu wa imfa. Kapena nkhalambazo zinakometsa masiku a ubwana wao, monga zicitira nkhalamba zonse, komabe ncoona kuti mkazi wogwidwa ku nkhondo analibe kothawira. Cinthu cimodzi cokha akazi ogwidwawo anapambana naco: ana anayamwa cinenero ca amai ao, kotero kuti Cingoni ceniceni cinazimirira, ndipo Angoni a Mpezeni anayamba kulankhula cinenero cofanana ndi Cinsenga. Ng'ombe zinatenga mwana, koma lilime linatsala la mai.

Mphamvu ya Angoni inathyoka m'mwezi wa January 1898, pamene asilikari a Angerezi anagonjetsa ankhondo a Mpezeni. Nsingo, mwana wa mfumu, anaphedwa, midzi yaikuru inatenthedwa, ndipo ng'ombe zikwi zambiri zinalandidwa. Anthu ambiri ogwidwa kale anabwerera kwao, ndipo ukapolo unaletsedwa. Zimenezi zinagwedeza malamulo onse awiri a ukwati nthawi imodzi. Mngoni wopanda ng'ombe sanathe kulowola, ndipo Mcewa wolemera sanathenso kugula mdzakazi. Patapita zaka pafupifupi 50, Mngerezi wina wophunzira za miyambo, J. A. Barnes, anakhala pakati pa Angoni a Fort Jameson, nalemba buku la maukwati ao limene linasindikizidwa m'caka ca 1951. Iye anapeza kuti maukwati ambiri analibe malowolo athunthu, kuti amuna ambiri anayamba ukwati pa mudzi wa mkazi monga acitira Acewa, ndi kuti kusudzulana kunali kofala. Mwambo umene anthu anauchula pakamwa unali wina, ndipo umene anaucita unali wina.

Koma cimene cinasintha zinthu koposa nkhondo ndi ndalama. Boma la Kampani ya British South Africa linaika msonkho wa nyumba poyamba pa zaka za 1900, ndipo msonkho sulipidwa ndi mawere kapena maungu. Amuna anayamba ulendo wa pansi kunka ku Halale, ku migodi ya Wankie ndi ku Joni, ena nalowa nchito m'minda ya fodya ya Azungu pafupi ndi Fort Jameson. Ambiri anabwera patapita caka cimodzi kapena ziwiri ndi mabulangete, nsaru ndi njinga. Ena sanabwere, ndipo anachedwa machona. Apa panabadwa mtundu wa mkazi umene makolo sanaudziwe: wosakhala mbeta, wosakhala wamasiye, wokwatiwa ndi munthu amene sadziwika ngati ali moyo. Sakanatha kukwatiwa kwina popeza sanasudzulidwe, ndipo akatenga pathupi, mchona uja anali kutulukira mwadzidzidzi kudzafuna malipo a cigololo, iye amene sanatumize ngakhale mcere kwa zaka zisanu. Coipa cina ncakuti mtsibweni amene akanalimira anawo nayenso anali ku Halale. Mzati umene unagwiriziza ana a ukwati wakutha unazulidwa ndi dzanja lomwelo limene linacotsa tate.

Amishoni anaonjezapo mfundo yao. A Dutch Reformed Church anatsegula Magwero m'caka ca 1899, ndipo Ansembe Oyera a Ciroma anafika ku Kachebere m'caka ca 1903. Onse anaphunzitsa kuti mwamuna ndiye mutu wa banja, ndi kuti tate ndiye adzayankha kwa Mulungu za ana ace. Ciphunzitso cimeneci cinakometsa mitima ya akamwini ambiri. Komanso analamula kuti wamitala wofuna ubatizo asiye akazi onse koma mmodzi. Ndipo akazi osiyidwawo, amene sanalakwe kanthu, anabwerera kwa alongo ao ndi ana pambuyo. Aroma sanalole konse kusudzulana kwa okwatitsidwa m'chalichi, kotero kuti munthu mmodzi anatha kukhala womasuka pa bwalo la mfumu ndi womangidwa pa guwa la nsembe.

Kwa zaka 30 zoyamba, milandu ya maukwati inali kufika kwa Bwana wa pa Boma, amene anaweruza mwa womasulira, ndipo kawirikawiri anamasula akazi odandaula za nkhanza. Akulu a midzi anaipidwa nazo, nati Azungu aononga akazi. M'caka ca 1929 Boma la Northern Rhodesia linakhazikitsa lamulo la mabwalo a mafumu, ndipo linalikonzanso m'caka ca 1936. Mafumu anapatsidwa mphamvu yakuweruza monga mwa mwambo, pokhapo mwambowo usatsutsane ndi cilungamo monga anacionera Angerezi. Bwalo linakhala ndi kalaliki, buku la milandu, kapaso ndi malisiti. Kusudzulana kumene kale kunathera pa khonde la nkhoswe tsopano kunafuna kalata ya khoti. Ndipo pamene Boma linafunsa kuti mwambo uti ciani, amene anayankha anali amuna okalamba. Akazi ndi anyamata sanafunsidwe. Wolemba mbiri Martin Chanock, m'buku lace la 1985 lonena za Malawi ndi Zambia, anasonyeza kuti zambiri zimene zinalembedwa monga mwambo wa makolo zinali zofuna za akulu a nthawi imeneyo, amene anaona mphamvu yao pa akazi ndi pa anyamata iri kupulumuka m'manja. Malipo a cigololo anakwera, ndipo mkazi wofuna kucoka anaumirizidwa kubweza zimene mwamuna anataya pa iye. Komabe mabwalo omwewo anacita cinthu cimodzi cabwino: analola kumasula mkazi wa mchona amene wakhala zaka zingapo wosalandira kalata kapena nsaru.

Milandu yobvuta koposa inali ya maukwati a mitundu iwiri. Mngoni akakwatira mkazi wa Cicewa, ndipo ukwati ukatha, mwamuna anati ana ndi anga monga mwa Cingoni, mtsibweni nati ana ndi anga monga mwa Cicewa. Oweruza anafunsa funso limodzi: kodi malowolo anaperekedwa, ndipo abale a mkazi anawalandira akudziwa tanthauzo lace? Akakhala kuti anaperekedwa, ana anapita kwa tate, ngakhale kuti woyamwa ndi wamng'ono anasiyidwa kwa mai kufikira atakula. Akapanda kuperekedwa, anatsala kwa mai. Cifukwa ca ici atsibweni ena ocenjera anakana ng'ombe poyera, pozindikira kuti kulandira ng'ombe ndiko kugulitsa mbumba. Ukwati wa mbali inayo unali ndi tsoka lace: tate akakhala Mcewa ndi mai Mngoni, kwao kwa tate anati mwana ngwa mai, kwao kwa mai nati mwana ngwa tate, ndipo mwana amene pa ukwati woyamba uja akanalimbaniridwa ndi midzi iwiri anapezeka wopanda mudzi ndi umodzi womwe.

Sukulu inabweretsa mtsutso watsopano. Tate wa Cicewa amene analipira fizi ndi yunifomu kucokera ku malipiro ace anayamba kufunsa cifukwa cace mwana wophunzirayo adzathandize mtsibweni amene sanataye ngakhale kobiri. Mtsibweni nayenso, pokhala ndi ana ace a iye mwini ofuna fizi, anayamba kuwerenga ana a mlongo wace monga katundu wolemera. Pamene mwana anali manja olima, onse anamfuna. Pamene anasanduka pakamwa pofuna ndalama, ena anayamba kuponyerana.

Ku Migodi zinthu zinasokonezeka koposa. M'makomboni a Nkana, Luanshya, Mufulira ndi Nchanga munakomana mitundu yonse ya dziko lino ndi ya maiko ozungulira, ndipo anthu anakwatirana popanda nkhoswe kapena mbale. Ca kumapeto kwa zaka za 1930 Boma linatsegula makhoti a m'matauni, m'mene munakhala oweruza otumidwa ndi mafumu akuru a kumidzi. A. L. Epstein, amene anapenyetsetsa nchito ya makhotiwa poyamba pa zaka za 1950, anaona kuti milandu ya amuna ndi akazi ndiyo inacuruka. Kalata ya ukwati, imene anthu anaicha mchato, inakhala ya mtengo wapatali, popeza nyumba ya m'komboni inaperekedwa kwa mwamuna wa pa nchito, ndipo mkazi anakhalamo cifukwa ca mchatowo. Pano zinthu zinatembenuka cadodolido. Kumudzi wocoka anali mwamuna. M'tauni wocoka anali mkazi. Ukwati ukatha, iye ndi ana ace analibe denga kapena munda, ndipo khoti kawirikawiri linamlamula kukwera lore kubwerera kumudzi umene ana ace sanauonepo. Oweruza ananenabe kuti ana a mkazi wa Cicewa kapena wa Cibemba ndi a kwao kwa mai, ndipo amuna ena anakondwa kumva mau amenewo, cifukwa anawamasula ku mtolo. Mwambo umene unapangidwa kuchinjiriza mwana unasanduka pobisalira tate wothawa.

Zambia inalandira ufulu pa 24 October 1964, ndipo m'caka ca 1966 mabwalo a mafumu ndi makhoti a m'matauni analowedwa m'malo ndi makhoti ochedwa Local Courts, amene ali pansi pa nthambi ya zaciweruzo. Kuyambira 1963 anthu akuda analoledwa kukwatirana mwa lamulo lolembedwa la ukwati, limene kale linali la Azungu. Cotero dziko linakhala ndi makomo awiri. Ukwati wa lamulo lolembedwa umathetsedwa ku High Court kokha, kumene kwa zaka zambiri oweruza anatsata malamulo a ku England, ndipo kumeneko mkazi anatha kupempha cithandizo ca iye mwini ndi ca ana. Ukwati wa mwambo, umene uli wa anthu ocuruka, umathetsedwa ku Local Court, kumene maloya saimirira anthu, ndipo kwa zaka zoposa 20 kunalibe lamulo lomveka lokakamiza tate kupereka ndalama mwezi ndi mwezi. Akazi awiri okhala nyumba zoyandikana ku Matero kapena ku Kapata, osiyidwa mwezi umodzi ndi ana ofanana, analandira ciweruzo cosiyana cifukwa ca pepala limene anasaina kapena sanasaine pa tsiku la ukwati.

Kusintha kunadza mocedwa, ndipo kunadza ndi khama la mabungwe a akazi ndi maloya amene anaona amai ndi ana akulandidwa katundu pa maliro. Lamulo la 1989 la cuma ca munthu womwalira wopanda wilo linapatsa ana magawo 50 pa 100, wamasiye 20, makolo a womwalirayo 20, ndi ena odalira iye 10. Mwana wa mlongo, amene mwa Cicewa anali wolowa m'malo, sanachulidwe mwa dzina. Akalandira kanthu, alandira monga wodalira cabe. M'caka ca 1991 lamulo la Local Courts linakonzedwa kuti makhotiwo athe kulamula cithandizo ca mwezi ndi mwezi kwa wosudzulidwa kwa zaka zosapitirira 3 kapena kufikira atakwatiwanso, ndi cithandizo ca mwana wosafika zaka 18. Lamulo la 1995 linalongosola njira yakuti mai wa mwana wobadwa kunja kwa ukwati atengere tate ku khoti, kuti adziwike kuti ndiye tate ndi kuti alipire. M'caka ca 2007 Zambia inalemba lamulo lacelace la kuthetsa maukwati olembedwa, limene liti cifukwa ndi cimodzi cokha, ndico cakuti ukwati wasweka kosakonzekanso. Ndipo kusweka kumeneko kusonyezedwa ndi cigololo, makhalidwe osapiririka, kuthawa banja zaka 2, kukhala padera zaka 2 onse atabvomera, kapena zaka 5 ngakhale wina akane.

Potsiriza, m'caka ca 2022, malamulo angapo onena za ana, pamodzi ndi lija la 1995, anafafanizidwa ndi kusonkhanitsidwa m'lamulo limodzi lochedwa Children's Code Act. Lamuloli liika udindo wolera mwana pa tate ndi mai onse awiri, kaya anakwatirana kaya sanakwatirane, ndipo lilamula khoti kuti poweruza za kumene mwana adzakhala liyang'ane poyamba cimene cidzakomera mwanayo, ndi kumvanso maganizo ace ngati wafika pa msinkhu wozindikira. Mwa lamulo limeneli ng'ombe za malowolo kapena bele la mai sizithetsa mlandu pa zokha monga kale.

Pa pepala nkhani ioneka yatha, koma pa bwalo siinathe. Kumene tate ali pa nchito ya malipiro, khoti likhoza kulamula kuti ndalama zidulidwe asanazilandire. Koma mlimi wa ku Katete amene aona ndalama kamodzi pa caka atagulitsa cimanga kapena mtedza, ndi wogulitsa pa msika amene phindu lace silinalembedwe pena pali ponse, ngobvuta kuwatsata. Ndipo mai wokhala kutari ndi khoti ayenera kuwerenga ngati mtengo wa basi sudzaposa cimene akukafuna. Ambiri amayambabe kwa ankhoswe, ena kwa mfumu ya mudzi kapena kwa akulu a mpingo, nafika ku khoti zonsezi zitalephera. Ndipo m'midzi ya Acewa, mai akasudzulidwa napita ku Lusaka kukafuna nchito, ana ambiri amatsala m'nyumba ya ambuye ao a kucikazi, pa nthaka yomwe ija ya bele lao, akudikira ndalama zimene tsopano zimafika pa foni.